Mkaka ukakhalitsa m'bere umayamba kupha maselo omwe anaupanga

Mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi inayi ndinatuluka chilonda pansonga ya bere lakumanja, chaching'ono ndithu, kungong'ambika khungu basi, koma mwana akangogwira ndinkachita kuluma chitenje ndi ululu. Nde ndinangoti aaa bola ndizimuyamwitsa kumanzere kokha mpaka chipole. Masiku atatu osaligwira, osafinyako olo pang'ono poti kungolikhudza kumene misozi inkalengeza. Tsiku lachiwiri linatupa gwaa ngati mwala, kutentha, mitsempha kuonekera pamwamba, tsiku lachinayi chilonda chitayamba kuuma ndinamuika mwana uja, anakoka kawiri katatu n'kulavula n'kutembenuza nkhope akulira. Ndinafinyira kadontho pachala n'kulawa, mchere weniweni. Azakhali anga anali kwathu nthawi imeneyo, anabwera kudzandithandiza ntchito zapakhomo, iwo anangoti "mwanawe mkaka umenewo wasasa, usampatse atsegula m'mimba, lisiye liume lokha." Ndinamvera, sinanga ndi munthu wamkulu analera ana 7 onse amoyo. Patatha masabata atatu bere lija linali litafota, labwerera mmene linalili ndisanatenge mimba mwinanso kuchepera apo, pomwe lakumanzere linakula n'kumulera mwana lokha mpaka chaka ndi miyezi 8.

Chinkandizunguza mutu ndi ichi, thupi ndi limodzi lomweli, magazi amodzi, nsima ndimadya imodzi sindisankha kuti iyi ipite kumanzere, ndipo kusikelo amatiuza kuti mkaka umabwera ndi mahomoni ochokera mmutu, prolactin wopangitsa mkaka ndi oxytocin woutulutsa. Nanga mahomoniwo poyenda m'magazi amadumpha bwanji bere limodzi? Mwana ankayamwa usana ndi usiku, ndiye kuti prolactin analipo wambiri ndithu ndipo ankafika mbali zonse ziwiri, koma mbali ina ikusefukira ina ikufa.

Woyamba kundiyankha anali amayi anga, amaweta ng'ombe yamkaka kwathu ku Thyolo, yosakaniza ya Friesian, ndipo mkaka amakasiya ku bulking group mmawa ndi madzulo ngati mmene amachitira alimi ambiri kumeneko ndi ku Chiradzulu ndi ku Mulanje. Nditawafotokozera pafoni sanadabwe n'komwe, anati "iwe waiwala Tiyamike?" Tiyamike inali ng'ombe yathu yoyamba, inadwala bere limodzi mwa anayi aja, mkaka wake unkatuluka wamagazi wophatikizana ndiye anasiya kulikama, ndipo linauma lokhalo atatu enawo akutulutsa bwinobwino nyengo yonse. "Bere losakama limafa lokha anzake ali moyo," anatero amayi. Mlimi aliyense wa ng'ombe amazidziwa izi ndi manja ake. Chomwe ine ndinkafuna ndi chifukwa chake, nde ndinayamba kuwerenga usiku mwana akagona, ndipo zomwe ndinapeza zinandisintha kaganizidwe konse pankhani ya mkaka. Ine ndinkautenga ngati chinthu chongotuluka, ngati madzi a pampopi. Kani mkaka ukadali mkati umalankhula ndi maselo omwe anaupanga, ndipo ndiwo umawauza ngati apitirize kukhala ndi moyo kapena ayi.

Tiyambe ndi mmene bere lilili mkati. Muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri tomangana ngati tsango la nsatsi, kathumba kalikonse khoma lake ndi mzere umodzi wa maselo, maselo amenewa kumbuyo kwawo kuli magazi komwe amatengako shuga, mafuta, madzi ndi zina zonse, kutsogolo kwawo ndi komwe amathira mkaka. M'mbalimu amagwirana zolimba ngati njerwa zomata ndi simenti kuti za m'magazi zisalowe mumkaka ndipo za mumkaka zisabwerere m'magazi. Mayi akadali ndi pakati simentiyo imakhala isanagwire, n'chifukwa chake mkaka woyamba wachikasu uja umakhala ndi mchere wochulukirapo komanso chitetezo chambiri. Nsengwa ikangotuluka homoni ya progesterone imatsika msanga, mipata ija imatsekeka, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu ndi pamene timati mkaka wabwera. Mpaka pamenepa ndi mahomoni akulamula. Koma kuchoka apo ulamuliro waukulu umasamukira m'bere mwenimwenimo, lililonse palokha.

Omwe anazionetsa bwino ndi asayansi a ku Britain ndipo anagwiritsa ntchito mbuzi, poti mbuzi ili ndi mawere awiri osalumikizana nde utha kuchita china mbali ino china mbali inayo pa nyama imodzi. Mu 1971 Jim Linzell ndi Malcolm Peaker ku Babraham kufupi ndi Cambridge anakama bere limodzi ola lililonse linalo kulisiya pa nthawi zake zamasiku onse, lokamidwa pafupipafupi lija linayamba kupanga mkaka mwachangu, linzake osasintha. Wina atha kunena kuti aaa ndi kuthina chabe, bere likadzaza limafufuma maselo n'kupanikizika n'kusiya ntchito. Nde mu 1984 ku Hannah Research Institute ku Ayr, Scotland, Peaker ndi mnzake Henderson anachita chinthu chomwe ine ndimachisirira mpaka pano, amakama bere limodzi kachitatu patsiku koma akangochotsa mkakawo amabwezeramo madzi a shuga ochuluka chimodzimodzi, kuti bere likhalebe lodzaza lothina ngati silinakamidwe. Mkaka unakwerabe. Ndiye kuti sikuthina kokha, muli chinachake mumkakamo chomwe chikachotsedwa maselo amamasuka, chikakhala amafooka. Colin Wilde ndi anzake kumeneko komweko mu 1995 analengeza kuti apeza kapuloteni kakang'ono m'madzi a mkaka wa mbuzi kamene kamachita zimenezi, anakatcha FIL, kutanthauza kuti ndi choletsa chobwerera kwa mwini wake. Dzinali mulipeza m'mabuku ambiri ophunzitsa zoyamwitsa, koma kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti wolankhula si mmodzi, ndi gulu.

Mmodzi mwa iwo anandidabwitsa, serotonin, yemweyo timamumva pankhani za ubongo ndi matenda a nkhawa. Mu 2004 gulu la Nelson Horseman ku University of Cincinnati linapeza kuti maselo a m'bere amapanga serotonin wawowawo, ndipo mkaka ukaima osachotsedwa amachuluka, kenako Laura Hernandez anaonetsa zomwezo pa ng'ombe mu 2008. Ntchito yake ina ndi kufooketsa kapangidwe ka mapuloteni a mkaka, koma ina ndi imene inandiyankha funso la mchere lija, akachuluka kwa nthawi yaitali amamasula simenti ya pakati pa maselo ija. Mipata ikatseguka sodium ndi chloride za m'magazi zomwe zimapanga mchere zimalowa mumkaka, lactose, shuga amene amakometsa mkaka, amathawira m'magazi. Mkaka wanga uja sunasase ayi, sunali poizoni, unangolowa mchere n'kutaya shuga chifukwa khoma linali litayamba kudontha, mwana anaukana chifukwa cha kakomedwe basi. Ndinakhala duu nditawerenga zimenezi, chifukwa ndinazindikira kuti tsiku lomwe ndinaulawa lija bere linali lisanafe, linali pakhomo chabe.

Pajatu kufa kwa bere kumayenda magawo awiri, izi anaziona bwino pa mbewa za mu labu. Mu 1997 ku America anamata nsonga ya bere limodzi la mbewa yoyamwitsa kuti mkaka usatuluke, ana akuyamwabe mawere ena onse, ndiye kuti mahomoni ali pamwamba ndithu, koma mu bere lomatidwa lija maselo anayamba kufa pasanathe tsiku. Chimodzimodzi ine, chimodzimodzi Tiyamike. Gawo loyambali limatsogozedwa ndi mkaka woima uja ndipo limabwezeka, pa mbewa ukabwezera ana pasanathe maola 48 mkaka umayambiranso. Ukadutsa pamenepo ndipo mahomoni nawonso atsika, gawo lachiwiri limayamba, ma enzyme, mapuloteni ogaya zinthu, amagwetsa maziko omwe timatumba tija tinamangidwapo, timatumba timaphwa, malo ake n'kudzaza mafuta, pa mbewa apo ndiye palibenso kubwerera mpaka mimba ina. Pa ng'ombe ndi pa munthu mpata wobwezawu ndi wautali kuposa wa mbewa, n'chifukwa chake mayi amene anasiya kuyamwitsa atha kuyambiranso mwana akamakoka pafupipafupi, WHO inatulutsa kabuku konse ka nkhani imeneyi mu 1998, ndipo kumudzi tinkamva kale za agogo oyamwitsa mdzukulu mayi akamwalira.

Koma kafedwe ka maselo kameneka ndiye kanandigwira mtima kwambiri. Christine Watson ku Cambridge wathera zaka zambiri pa puloteni yamkati mwa selo yotchedwa STAT3. Nthawi yoyamwitsa prolactin amayatsa mnzake STAT5 amene amauza selo kuti panga mkaka, khala ndi moyo. Mkaka ukaima, bere limatulutsa zinthu ngati LIF zomwe zimayatsa STAT3, STAT5 n'kuzima, ndipo mu 1999 anaonetsa kuti mbewa yopanda STAT3 m'bere imachedwa kwambiri kuumitsa. Nde mu 2014 gulu lake linapeza chomwe STAT3 amachita kwenikweni. Selo lomwe dzulo limatulutsa timadontho ta mafuta a mkaka limatembenuka n'kuyamba kumeza timadontho tomweto kubwezera mkati. Mafutawo amakalowa mu timatumba togayiramo zinyalala ta mkati mwa selo, ma lysosome, kumeneko amaphwanyidwa n'kutulutsa zidulo za mafuta monga oleic acid, zidulozo zimaboola khoma la kathumbako, ma enzyme ogaya otchedwa cathepsin amatayikira m'selo monse n'kuligaya lamoyo. Tangoganizani, mafuta omwewo amene amanenepetsa mwana masaya, akasowa wowamwa amabwerera n'kukapha selo lomwe linawapanga. Ndipo pa timadontho tomweto pali puloteni ina, lactadherin, imene imathandiza kuti maselo akufa ndi mkaka wotsala zisesedwe bwinobwino ndi maselo oyandikana nawo, mbewa zosowa puloteni imeneyi mawere ake amatsala ndi zinyalala n'kutupa. Mkaka womwewo ndiwo ukupha, ndiwonso ukukonza pamaliro.

Pali winanso wa ku Hannah komwe kuja, David Flint ndi anzake, anaona pa makoswe kuti ana akachotsedwa puloteni ya IGFBP-5 imachuluka kwambiri mumkaka. Ntchito yake ndi kugwira IGF-1, amene ndi mmodzi mwa zinthu zosunga maselo amoyo, akamugwira choncho sangafikenso pa selo, ngati munthu wakutsekera mfolo wa madzi kumtunda dimba lako lili kumunsi. Prolactin akakhala wokwanira amaipondereza IGFBP-5 imeneyi. Ndiye mukuona kuti mahomoni a mmutu ndi mkaka wa m'bere zimakokana chingwe tsiku lililonse, ndipo amene amagamula ndi kamwa ya mwana kapena dzanja la wokama.

Tsopano nyama yomwe inandichititsa kuwerenga mpaka tambala woyamba. Abale athu a ku Cape Town mwina munaionapo ku Hout Bay, imadzaza pa kachilumba ka Duiker Island, inanso yambirimbiri ili ku Cape Cross ku Namibia, imaoneka ngati katumbu wamkulu, dzina lake Cape fur seal. Yaikazi imaberekera pamtunda, imayamwitsa masiku ochepa kenako imamusiya mwana pamiyala n'kulowa m'nyanja kukasaka nsomba, ulendo wina utha kutenga mpaka masabata atatu, n'kubwerera kudzayamwitsa masiku awiri atatu n'kupitanso, choncho kwa miyezi pafupifupi 10 kapena kuposera. Ine masiku atatu okha bere linayamba kufa. Iyo masabata atatu osayamwitsa, mkaka umatsika inde ili m'nyanjamo koma timatumba tija timakhala tilipo tamoyo, ikangofika pamtunda mwana n'kugwira zonse zimayambiranso. Zimatheka bwanji? Julie Sharp, Christophe Lefèvre ndi Kevin Nicholas a ku Australia anafufuza ndipo mu 2008 analemba kuti nyama imeneyi siipanga puloteni ya alpha-lactalbumin, jini yake, kachidutswa ka chibadwa kolamula kapangidwe ka puloteniyo, inaonongeka kalekale. Puloteni imeneyi mwa ife ndi mwa ng'ombe ndi imene imathandiza kupanga lactose, n'chifukwa chake mkaka wa nyamayi ulibe shuga ameneyu, ndi wa mafuta ambiri olemera. Atatenga alpha-lactalbumin wa ng'ombe n'kuthira pa maselo a m'bere mu labu, kuphatikizapo a nyama yomweyi, maselowo anayamba kufa. Ndiye kuti puloteni yomwe imapangitsa mkaka wathu kukoma ndi imodzinso mwa zomwe zimauza bere kuti nthawi yatha, ndipo nyama yomwe moyo wake umafuna kuti izichoka kwa mwana nthawi yaitali inangoitaya.

Puloteni yomweyi ili ndi mbiri inanso ku Lund, Sweden, komwe mu 1995 gulu la Catharina Svanborg linaona mwangozi kuti gawo lina la mkaka wa munthu likupha maselo a khansa mu mbale ya mu labu. Atalondola anapeza kuti ndi alpha-lactalbumin atasintha kapindidwe kake n'kugwirana ndi oleic acid, yemwe uja woboola ma lysosome, anachitcha HAMLET. Sindikunena kuti mkaka wa m'mawere ndi mankhwala a khansa, chonde wina asakaufunefune kuti amwetse wodwala, ndikungoonetsa kuti mphamvu yakupha selo ili ndithu mu zinthu za mumkaka zimenezi.

Kevin Nicholas yemweyo wagwiranso ntchito kwambiri pa tammar wallaby, kanyama ka mtundu wa kangaroo. Mayi wake atha kuyamwitsa ana awiri a misinkhu yosiyana nthawi imodzi, wakhanda wapathumba ali pa bere laling'ono lotulutsa mkaka wamadzimadzi wa shuga wambiri, wamkulu woyenda kale ali pa bere loyandikana lalikulu lotulutsa mkaka wamafuta. Magazi amodzi, mawere awiri, nkhani ziwiri.

Ndibwerere ku khola kwa amayi poti kumeneko ndi komwe nkhaniyi imasanduka ndalama. Ng'ombe ikabereka mkaka umakwera mpaka cha m'mwezi wachiwiri kenako umayamba kutsika pang'onopang'ono olo muipatse nsenjere ndi madeya mmene mungathere. Anthony Capuco ndi anzake ku Beltsville ku America mu 2001 anawerenga maselo a m'mawere a ng'ombe pa nthawi zosiyanasiyana, anapeza kuti kukwera koyamba kuja ndi chifukwa selo lililonse likugwira ntchito mwamphamvu, koma kutsika kuja ndi chifukwa maselo akuchepa. Tsiku lililonse pa maselo 1000 obadwa atsopano amakhala pafupifupi 3 pomwe akufa amapitirira 5, kusiyana kwakung'ono koma muwerengere miyezi 10. Choncho bere loyamwitsa si nyumba yomangidwa kamodzi n'kutha, njerwa zikugwa zina zikuikidwa tsiku ndi tsiku, ndipo chilichonse chochititsa mkaka kukhalitsa mkati chimawonjezera kugwako. Kudumpha kukama madzulo chifukwa kuli maliro, kukama mothamanga n'kusiya wotsalira chifukwa mukuthamangira nthawi ya ku bulking group, zonsezo simutaya malita a tsiku limenelo okha ayi. Ndipo mbali yabwino iliponso, Emma Wall ndi Thomas McFadden ku University of Vermont mu 2007 anakama theka la mawere a ng'ombe kanayi patsiku kwa masiku 21 oyamba okha, theka linalo kawiri, kenako onse n'kubwerera ku kawiri, theka lija linapitirizabe kupereka mkaka wochulukirapo kwa miyezi yambiri pambuyo pake. Masabata atatu oyamba amakhazikitsa nyengo yonse. Nditawauza amayi izi anati n'chifukwa chake ng'ombe za makolo zomwe mwana wake amayenda nazo n'kumayamwa nthawi iliyonse sizivuta mawere, ndipo iwo anayamba kukama katatu ng'ombe ikangobereka, masanawo n'kumwetsa mwana wa ng'ombe ndi zidzukulu.

Pa anthu, Peter Hartmann ndi wophunzira wake Steven Daly ku Perth, Australia, m'zaka za m'ma 1990 anayeza kukula kwa bere mwana asanayamwe ndi atayamwa pogwiritsa ntchito kamera ndi kompyuta, ndipo anapeza zomwezo za mbuzi zija, bere lokhuthulidwa bwino limapanga mkaka mwachangu, lodzaza limachita ulesi, lililonse palokha. Anapezanso kuti amayi amasiyana kwambiri kuchuluka kwa mkaka womwe bere lingasunge, wina pang'ono wina wambiri, koma onse atha kumukwanitsa mwana patsiku, wosunga pang'onoyo amangofunika kuyamwitsa pafupipafupi. Apa ndi pomwe malangizo omwe timapatsana pamtondo ndi m'minibasi amandiwawa, "dikira kaye adzaze ndiye umupatse," "mpatse kaphala kamadzi kuti mkaka usungike wa usiku." Ndi mtima wabwino ndithu koma zikuyenda chobwerera, kusunga mkaka m'bere ndi kuuza maselo kuti achepetse. Mwana akhuta phala sayamwa, bere likhala lodzaza, mawa mkaka wachepa, mayi akuti mwaona ndinanena kuti ndilibe mkaka, n'kuwonjezera phala. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2010 anapeza kuti ana 71 pa 100 osakwana miyezi 6 m'Malawi ankayamwa bere lokha, wa 2015-16 anapeza 61. Ndipo lamulo la ntchito limapatsa mayi masabata 8 okha a tchuthi cha uchembere, ine komwe ndinkagwira ntchito nthawi ya mwana woyamba kunalibe olo kachipinda kofinyira mkaka, ndinkakhala kuyambira 7 koloko mmawa mpaka 5 koloko madzulo mawere ali gwaa, ndikudabwa kuti bwanji mwezi uliwonse ukuchepa.

Nkhani ya khoma lodontha ija ili ndi mbali yolemera kwambiri kwa ife kuno, ndipo umboni wake wina unachokera kwathu konkuno. Mu 1999 Richard Semba ndi anzake analemba za amayi a ku Blantyre omwe ali ndi HIV, anapeza kuti amene mkaka wawo unali ndi sodium wokwera, chizindikiro cha kutupa kwa bere ndi mipata yotseguka ija, analinso ndi kachilombo kochuluka mumkaka ndipo ana awo ankatenga kwambiri. Ku Lusaka kunachitika kafukufuku wamkulu wa amayi 958, ena anauzidwa kusiyitsa bere mwadzidzidzi mwana ali ndi miyezi 4 ena kupitiriza, zotsatira zake mu 2008 zinaonetsa kuti kusiyitsa msanga kuja sikunapulumutse ana ochuluka, ndipo Louise Kuhn ndi anzake anadzaonetsa mu 2013 kuti mayi akangosiyitsa kachilombo kamakwera kwambiri mumkaka wotsalawo, pomwe kwa oyamwitsa bere lokha mosadukiza kanali kotsikitsitsa. Chifukwa chake ndi chomwechija, mkaka waima, simenti yamasuka, za m'magazi zikulowa. Ndiye mayi wa kachilombo amene wasiyitsa lero n'kumumvera chisoni mwana mawa usiku n'kumupatsanso, wamupatsa pa nthawi yoipitsitsa. Kuyambira 2011 pomwe Malawi inayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse apakati ndi oyamwitsa omwe ali ndi kachilombo zinthu zinasintha kwambiri, koma uphungu wakuti yamwitsani mwakathithi ndipo posiyitsa muzichita pang'onopang'ono unachokera mu zinthu ngati zimenezi.

Sikuti kufa kwa maselo ndi mdani nthawi zonse ayi. Amayi anga amasiya dala kukama ng'ombe kwatsala miyezi iwiri kuti ibereke, masiku 60 amenewo mkaka woima uja umagwira ntchito yake, puloteni ya lactoferrin imachuluka kuteteza bere ku tizilombo, maselo okalamba otopa amachoka atsopano n'kulowa m'malo, ng'ombe yomwe sinapume choncho imadzapereka mkaka wochepa nyengo yotsatira. Ndipo mayi amene ali ndi mkaka wosefukira, kapena amene mwana wamwalira, njira yomweyi ndi imene imamupumulitsa, kufinya pang'ono pongochotsa ululu n'kusiya wotsalawo uuze bere kuti lichepetse. Vuto langa linali lakuti ndinautumiza uthengawo ndisakufuna, kenako mpata wobweza ulipo ndinausiya.

Chaka chatha mng'ono wanga anabereka mwana wake woyamba, sabata yachitatu bere lakumanzere linatupa mwana n'kuyamba kulikana, ndipo azakhali omwe aja anali pomwepo, akalamba tsopano koma mawu ake omwe aja, wasasa lisiye. Ndinakhala nawo pamkeka n'kuwauza kuti azakhali inu munandilera ndipo za ana mumazidziwa kuposa ine, koma ichi chokha tiyeni tiyese kaye, muone bere langali. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anati chabwino tenga kapu. Tinamupititsa kaye kuchipatala poti thupi linali litayamba kutentha, bere likafiira ndi kutentha thupi si zokhalira pakhomo, anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti apitirize kuyamwitsa. Kunyumba tinkamuika mwana mbali yodwalayo ali ndi tulo tatheka pomwe sasankha kwambiri, akakana tinkafinya ndi manja mofatsa kungoti lifewe, osati kulikanya ngati mtanda wa mandasi poti kutero kumangowonjezera kutupa, ndipo pakati pake nsalu yonyowa yozizira. Masiku awiri oyamba unkatuluka wochepa wamchere womwe uja, mwana akulavula. Kapu ankagwira ndi azakhali, ndipo tsiku lachisanu ndiwo anayamba kuviika chala n'kulawa, anati "wabwerera," n'kumutenga mwana pamsana panga kumupereka kwa amake.